Tikeke ta Maungu pa Halloween

Funso: Ana anga akufuna kadzutsa wooneka moopseza pa Halloween, pa 31 Okutobala. Ndiwakonzere chiyani? — Mayi wa ku Leeds

Yankho: Mayi, apangireni tikeke ta maungu. Phikani dzungu, mulikanye bwinobwino. Sakanizani kapu imodzi ya dzungulo ndi makapu awiri a fulawa, mazira awiri, theka la kapu ya shuga, theka la kapu ya mafuta ophikira, timasupuni tiwiri ta baking powder ndi mkaka pang'ono. Osatakasa kwambiri, tingalimbe. Thirani m'tizitini, muike mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 20. Tikazizira, sungunulani chokoleti, mujambule pamwamba ukonde wa kangaude, kapena maso ndi mano osongoka. Ntchito yojambulayi asiyireni anawo, asangalale nayo.