PHUNZIRO: MMISHONI NDI ABALE ACE: CITSANZO CA FRANCISCO XAVIER WOYERA

Inu akatekumeni okondedwa, mukaona wansembe kapena sisteri wocokera kutali, mwina mumaganiza kuti munthu wotere sakumbuka kwao. Si conco ai. Nayenso ali ndi mai wace ndi abale ace, ndipo masiku akale maliro ambiri a kwao ankangowamva m'kalata, manda atauma kale.

Tamvani za Francisco Xavier. Iye anabadwa m'caka ca 1506 ku Navarra, m'dziko la Espanha. Pophunzira ku Paris anakumana ndi Inácio wa ku Loyola, ndipo pamodzi ndi anzao ena anayambitsa gulu la Ajezuiti. Pa 7 Epulo 1541 anakwera combo ku Lisboa kupita ku India. Caka comweco combo cija cinaima pa cilumba ca Moçambique, m'dziko lathu lino, ndipo anakhalapo miyezi isanu ndi umodzi alikusamala odwala, kufikira nayenso anadwala. Anafika ku Goa mu 1542, ndi ku Japan mu 1549. Anamwalira pa 3 Disembala 1552 pa cilumba ca Sancian, pafupi ndi China, osaonanso dziko la kwao.

Masiku amenewo kalata inkayenda miyezi yambirimbiri panyanja. Zikafika kalata za abale ace a m'gulu, Francisco ankadula pamene iwo analemba maina ao ndi dzanja lao, nasunga timapepalato pathupi pace pamodzi ndi mau a malumbiro ace. Onani tsono: sanaiwale abale ace ai, koma anawanyamula kulikonse kumene Mulungu anamtuma.

Ambuye Yesu analonjeza kuti wosiya nyumba ndi abale cifukwa ca Mthenga Wabwino adzapeza abale ena ocuruka pansi pompano (Marko 10, 29-30). Abale amenewo ndani? Ndinu amene. Mukadzalandira Ubatizo mudzalowa m'banja la Eklezia, ndipo mmishoni adzakhala mbale wanu weniweni. Cifukwa cace musamuseke akaphonya ciyankhulo cathu, koma mumuongole mwaulemu. Akadwala kamuoneni, akamva za maliro a kwao kampepeseni monga mwa mwambo wathu. Ndipo mwana wanu akadzamva kuitana kwa Mulungu, musadzamletse cifukwa coopa kutalikirana naye.

Papa Pio XI anaika Francisco Woyera kukhala nkhoswe ya mishoni zonse mu 1927.

MAFUNSO
1. Kodi Francisco Xavier anacita ciani pa cilumba ca Moçambique?
2. Cifukwa ninji ankasunga maina a abale ace?
3. Nanga ife tingacite ciani kuti mmishoni asakhale ngati mlendo pakati pathu?

TIPEMPHERE
Ambuye, limbitsani mitima ya onse amene anasiya kwao cifukwa ca Inu, ndipo tonthozani makolo ao otsala kumudzi. Francisco Xavier Woyera, mutipempherere ife. Amen.