Musanagule bandulo, dziwani kumene netiweki ichokera

Achinyamata a ku Mvera, inu amene mumakwera pachulu foni ili m'mwamba kusaka netiweki, tamverani kuno.

Mukagula bandulo mwagula kuchuluka kwa deta basi, liwiro silili m'manja mwanu. Nsanja imodzi ya TNM kapena Airtel imagawira onse amene ali pansi pake, ngati mjigo umodzi pamudzi: chidebe chanu chikule bwanji, madzulo mzere ukatalika mudikira ndithu. Choncho fomu ya sukulu kapena kalata yofunsira ntchito muzitumiza m'bandakucha, anthu ali mtulo, ndipo musadikire tsiku lotsekera. Nayo bandulo imene amati ilibe malire kawirikawiri imakhala nawo: mukafika mlingo wina amakuchepetserani liwiro. Werengani malamulo ake ndalama isanachoke. Tsekaninso mavidiyo a m'magulu a WhatsApp kuti asamalowe okha, chifukwa amamaliza deta inu muli kumunda.

Dziwaninso kuti intaneti yathu imayenda ulendo wautali. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, motero imatifika pa nthambo za fayiba zodutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo njirayo timalipira. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zitaduka pansi pa nyanja, mayiko a chigawo chino, kuphatikizapo kwathu kuno, anavutika masiku angapo. Kumanga nsanja nako si masewera. Zida zimagulidwa ndi ndalama zakunja, magetsi akazima jenereta imamwa dizilo, ndipo mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatchinga midzi ya m'zigwa. Kampani imathamangira kumene makasitomala achuluka.

N'chifukwa chake lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa bungwe la MACRA, loyang'anira za kulumikizana, loti lifikitse netiweki kumene malonda okha sangaifikitse. Kudandaulira pagolosale sikuimika nsanja. Lembani maina a midzi, masukulu ndi zipatala kumene foni siigwira, mfumu idinde kalatayo, mukaipereke kwa khansala ndi phungu, kenako muzikafunsa pamene yafika. Njira ina ndi intaneti ya pa setilaiti ya Starlink, imene inayamba kuno mu 2023; ndi yodula kwa munthu mmodzi, koma sukulu kapena kopaletivi ikhoza kusonkherana.

Ndipo nsanja ikabwera, iyang'anireni. Wakuba mabatire ake kapena wodula fayiba musamubise, ngakhale ali mwana wa amalume anu, pakuti tsiku limene mudzafune kuitana ambulansi usiku, foni idzakhala chete chifukwa cha iyeyo.