Paipi ya labala ya mabuleki akutsogolo

Dalaivala akaponda buleki, phazi lake silifika ku tayala. Chimene chimafikako ndi mafuta a mabuleki. Phazi limakankha kapampu kamene amakaniko amati master cylinder, ndipo kapampuko kamakankha mafuta m'mapaipi mpaka ku matayala onse anayi. Mafuta safinyika. Mukawakankha kuno, iwo amakankha uko nthawi yomweyo. Ku tayala lakutsogolo amalowa mu caliper, chitsulo chimene chimapana mapadi pa disiki, galimoto n'kuima.

Mapaipi ambiri ndi achitsulo, omangiriridwa kunsi kwa galimoto. Koma tayala lakutsogolo silikhazikika. Limakwera, limagwa m'maenje, limakhotera kumanja ndi kumanzere. Paipi yachitsulo ikanathyoka posachedwa. N'chifukwa chake pakati pa paipi yachitsulo ndi caliper anaikapo paipi yaifupi ya labala, yotha kupindika. M'kati mwa labalayo analukiramo ulusi wolimba kuti isaphulike mafuta akakankha mwamphamvu, ndipo mbali zonse ziwiri ili ndi mitu yachitsulo.

Labala amakalamba. Kutentha kwa mabuleki, matope a dzinja, fumbi la chilimwe ndi timiyala ta m'msewu zimamudya pang'onopang'ono. Toyota Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody imene yasenza matumba a chimanga, anthu n'kukhala pamwamba, ikamatsika mtsetse wa Chikwawa, wa Golomoti kapena wa Chiweta, kulemera kumatsamira kutsogolo, ndipo mabuleki akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu. Pa mapikapu ambiri, paipi imodzi yakutsogolo ikaphulika, mabuleki onse akutsogolo amafa, n'kutsala akumbuyo okha. Amenewo paokha sangaimitse msanga galimoto yolemedwa pa mtsetse.

Poyang'ana paipiyi, imikani galimoto pamalo osalala, kokani handibuleki, ndipo ikani miyala ku matayala akumbuyo. Kwezani ndi jeke, koma musadalire jeke yekha. Ikani zochirikiza zachitsulo kapena chipika cholimba musanalowetse mutu kunsi. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Chotsani tayala, pukutani matope, pindani paipiyo pang'ono ndi zala. Mukaona timing'alu, labala wauma. Yang'anani pamene labala walowa m'mutu wachitsulo: pakakhala ponyowa, fumbi n'kumatirirapo, mafuta akudontha. Onaninso ngati pali malo osalala onyezimira, pamene paipi imakhulana ndi tayala. Kenako mnzanu aponde buleki mwamphamvu, inu maso ali pa paipi. Ikatupa penapake, ulusi wa m'kati waduka, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka musinthe.

Vuto lovuta kulizindikira ndi la paipi yooneka bwinobwino kunja koma itaonongeka m'kati. Labala wam'kati amatha kusupuka kapena kufufuma, njira n'kuchepa. Zikatero paipi imachita ngati valavu ya chubu cha njinga: mafuta amapita ku tayala chifukwa phazi likuwakankha, koma kubwerera amakanika. Dalaivala wachotsa phazi, mapadi adakapanabe. Tayala limatentha, fungo lopserera limamveka, galimoto imakokera mbali imodzi, mapadi a mbali imeneyo amatha msanga. Ambiri amathamangira kugula mapadi atsopano kapena caliper, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo. Makaniko wodziwa amayamba wapopa buleki, n'kuyesa kuzunguza disiki ndi manja. Ikakana, amamasula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya pa caliper. Mafuta akathovoka, disiki n'kumasuka, ndiye kuti caliper ilibe mlandu. Mafuta anatsekeredwa, ndipo kawirikawiri yowatsekera imakhala paipi ija.

Paipi ya mabuleki siimatidwa, siisokedwa, siikulungidwa ndi mphira ya chubu. Pali ena amene ikadontha amaipana ndi waya kuti mafuta asapite ku tayala limenelo, n'kumanyamula anthu ndi mabuleki atatu. Kumeneko n'kuika miyoyo ya eni pachiswe chifukwa cha kachipangizo kotchipa kuposa tayala. Sinthani zonse ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, chifukwa zinakalamba limodzi. Pogula tengani yakaleyo mukayerekeze kutalika ndi mitu yake. Werenganinso zolembedwa pa labala. Paipi zambiri zabwino zimalembedwa SAE J1401, chizindikiro cha muyezo wa mapaipi a mabuleki.

Posintha, yambani kumasula nati ya pamwamba, pamene paipi yachitsulo yakumana ndi ya labala. Nati imeneyi ndi yofewa, ndipo sipanala wamba amaidya makona. Pali sipanala yake yogwira pafupifupi mbali zonse. Ikakhala ndi dzimbiri, ithireni mafuta omasulira, mudikire, osakakamiza, kuopa kupotokola paipi yachitsulo. Sololani kachitsulo kopanira paipi, kenako masulani kumunsi. Pa magalimoto ambiri pali bawuti yobooka pakati, yokhala ndi mawashala awiri a kopa. Ikani mawashala atsopano, chifukwa akale anaphwatalala kale ndipo amadonthetsa. Paipi yatsopano isapotoke. Mzere kapena zilembo za pa labala zikhale zowongoka. Mukamanga, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone kuti paipi sikukokeka ndipo sikukhudza kanthu.

Tsopano m'paipi muli mpweya, ndipo mpweya umafinyika. Mukausiya, buleki imakhala yofewa, phazi n'kumira mpaka pansi. Kuutulutsa kumafuna anthu awiri. Wina amakhala m'galimoto kupopa buleki, n'kuponda osachotsa phazi. Winayo amamasula kabawuti kotulutsira mpweya, mafuta a thovu n'kutuluka, ndipo amamanganso mnzakeyo asanachotse phazi. Amabwereza mpaka mafuta atuluke opanda thovu. Nthawi yonseyi kachigubu ka mafuta kunsi kwa boneti kasaume, apo ayi mpweya ulowanso, ntchito n'kuyambiranso.

Pa chivindikiro cha kachigubuko panalembedwa mtundu wa mafuta ofunika, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Werengani musanathire. Gwiritsani ntchito a m'botolo losatsegula, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo okhala ndi madzi amawira msanga mabuleki akatentha. Oyilo wa injini musamuyandikize n'komwe, amafufumitsa labala yense wa mabuleki. Mafuta a mabuleki akadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, amasupula.

Bwezerani tayala, tsitsani galimoto, mangitsani manati. Pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi. Ikhale yolimba, osamira pang'onopang'ono. Suzumirani polumikiza ponse, pakhale pouma. Mukatero yesani galimotoyo pang'onopang'ono pabwalo lopanda anthu, yopanda katundu, musanalowe nayo mumsewu.