Zisudzo za Ana Onse

Ku Chichiri kuli Blantyre Cultural Centre. Kale malowa ankatchedwa French Cultural Centre, ndipo gulu la Kwathu linkachitirako zisudzo m'Chicheŵa. Kumalo otere kumakhala phokoso lalikulu.

Ana ena amabadwa ndi otizimu. Si ufiti ayi, ndipo sapatsirana. Ena mwa iwo ng'oma ikalira kwambiri amamva kuŵaŵa. Amatseka makutu, mwinanso kufuula. Anthu akayamba kung'ung'udza, mayi amanyamuka ndi mwana wake sewero lisanathe.

Kunja anapeza njira. Mu 2011 ku New York, ochita sewero la The Lion King anachepetsa phokoso ndi kuthwanima kwa nyali, nakonza malo abata opumulirako ana.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani ana ena amatseka makutu?
2. Pa sewero la pasukulu panu, mwana wotere mungamukhazike pati?