Kusintha Zingwe za Mlongoti

Alimi a m'mbali mwa nyanja, inu amene mumanyamula cimanga m'ngalawa za thanga, yang'anani zingwe zogwira mlongoti mphepo ya Mwera isanayambe kuomba m'mwezi wa May. Cingwe ca waya cimayamba kuonongeka kunsonga, pamene camangidwa ku citsulo, pakuti madzi amakhalitsa pamenepo nacititsa dzimbiri. Mukaona kawaya kamodzi kataduka, cotsani cingwe conseco, kulumikiza nkudzinyenga.

Musamasule zonse nthawi imodzi, mlongoti ungagwe. Yambani mwamanga cingwe cina cogwirizira, ndipo mumasule cakaleco. Catsopano muciyese pa cakale, koma cifupikeko pang'ono cifukwa cakale cinatamuka. Tsono kungani mbali zonse ziwiri mofanana, kufikira mlongoti utaima cilili monga mzati wa cigafa.