Chiwongolero chikulira: kodi ndigule pampu ina?

FUNSO

Amakaniko, ndili ndi Toyota Corolla ya 1998 yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Zomba ndi Jali. Masiku ano ndikamakhota, makamaka m'mawa kapena potembenuka pamalo opanikizika, kutsogoloku kumalira kuti wiii, ndipo ndikaponda moto kulirako kumakwera. Chiwongolero chimalimba pang'ono kenako n'kufewanso. Oyilo wake ndimathira sabata iliyonse, koma pomwe ndimaimika galimoto sindionapo dontho. Makaniko wina anangomvetsera n'kunena kuti pampu yatha. Mtengo wake ndi wowawa. Ndigule?

Dalaivala wodandaula, Zomba

YANKHO

Achimwene, ndalamayo bayisungani kaye. N'zoona kuti chomwe chikulira ndi pampu, koma kulira sindiko kutha. Nthawi zambiri pampu imalira chifukwa ikukoka mpweya m'malo mokoka oyilo. Mukagula ina vutolo musanalithetse, yatsopanoyo iyambanso nyimbo yomweyo.

Chomwe chandigwira mtima m'kalata yanu ndi kuthira oyilo sabata iliyonse. Oyilo wa chiwongolero saphwa ndipo injini simuwotcha; amangozungulira kuchoka m'kathanki kupita ku pampu, ku rack (chitsulo chomwe chimakhotetsa matayala akutsogolo), n'kubwereranso. Ngati akuchepa ndiye kuti penapake akutuluka. Poti pansi simukuona kanthu, ine ndikukayikira rack. Mbali zonse ziwiri za rack kuli zikuto za rabala zopindikapindika zomwe timati mabuti. Masilo a m'kati akatha, oyilo amadzaza m'mabutimo n'kumatayika pang'onopang'ono mukuyenda, fumbi n'kumamubisa. Muuzeni makaniko amasule mbali imodzi ya buti. Mukatuluka oyilo, wakuba wapezeka. Aonenso kuseri kwa gudumu la lamba la pampu ndi pomwe mapaipi alumikizana.

Kenako chitani ichi nokha, sichifuna ndalama. Lizani injini, tsegulani kathanki, wina apotoze chiwongolero inu mukusuzumira. Mukaona thovu ngati la sopo, mpweya ukulowa. Umalowa oyilo akatsika kwambiri, komanso umalowera pa paipi yaikulu yochoka ku kathanki kupita ku pampu. Paipi imeneyi ndi yachinyengo. Poti ili mbali yokoka, ikauma, ikang'aluka kapena chomangira chake chikalefuka, imayamwa mpweya koma osadontha. Kulira kwa m'mawa kumagwirizana ndi zimenezi, chifukwa kukazizira rabala amauma ndipo oyilo amakhala wolemerera. Pansi pa kathanki palinso kasefa kopyapyala komwe anthu ambiri sakadziwa. Kakatsekeka ndi litsiro pampu imasowa chokoka. Kuchotsa kathanki n'kukatsuka bwino kwapulumutsa mapampu ambiri omwe anali ataweruzidwa kale.

Tcheraninso khutu, pakuti si phokoso lonse lomwe ndi la pampu. Kulira kwakuthwa koti kwiii mukangoliza injini kapena chiwongolero chikafika kumapeto ndi lamba yemwe walefuka kapena wasalala. Kugogoda m'mabampu ndi ma rack end, ma tie rod kapena ma ball joint. Kuti ka-ka-ka mukukhota galimoto ikuyenda ndi CV joint, yomwe ilibe gawo pa nkhani ya oyiloyu.

Podontha ndi polowera mpweya pakakonzedwa, oyilo wakale achotsedwe, makamaka ngati wada kapena akununkha kupserera. Corolla yanuyo imafuna ATF wa mtundu wa Dexron II kapena III, wofiira uja, ndipo pachitsekero cha kathanki nthawi zambiri palembedwa. Oyilo wa mabuleki asayandikirepo n'komwe: amatupitsa masilo onse. Oyilo wa injini nayenso ayi. (Anzathu a Honda zokhala ndi pampu, anu ndi wapadera wa Honda, ATF sayenera.) Mukathira, kwezani matayala onse akutsogolo ndi jeke n'kuchirikiza bwino. Injini ili yozima, potozani chiwongolero pang'onopang'ono kuchoka kumapeto mpaka kumapeto ena maulendo 15 kapena 20, mukuwonjezera oyilo akamatsika. Mukatero lizani injini n'kubwerezanso kufikira thovu litatha. Oyilo alekezere pamzere wa COLD injini ikakhala yozizira, pa HOT ikatentha.

Ndiye pampu igulidwe liti? Ngati oyilo ali wokwanira, thovu palibe, lamba ali bwino, koma ikulirabe ndipo chiwongolero chikulemera injini ikamalira pang'ono. Dontheziraninso oyilo papepala loyera n'kumuyang'ana padzuwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira, pampuyo yadyeka m'kati. Apo gulani, koma mapaipi ndi rack zitsukidwe, apo ayi tizitsulo totsalirato tikawononga yatsopanoyo.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe ndimalimbana nazo ndi madalaivala. Choyamba ndi kukanikiza chiwongolero kumapeto kwenikweni potembenuka pa siteji. Pamenepo mphamvu ya oyilo imafika pachimake, kupyola 70 bar, pomwe tayala lanu limapopedwa pafupifupi 2 bar, ndipo oyiloyo amatentha msanga. Chikagunda kumapeto, bwezaniko pang'ono. Chachiwiri ndi kumanga paipi yophulika ndi mphira za chubu. Paipi yochoka ku pampu kupita ku rack singagwiridwe ndi mphira, ndipo oyilo akapopera pa ekizozi yotentha moto utha kubuka.

Owerenga omwe muli ndi Vitz, Passo, Sienta, Axio kapena Honda Fit, musadabwe mukapanda kupeza kathanki. Pa galimoto zambiri za mitundu imeneyi chiwongolero chimathandizidwa ndi mota ya magetsi, chilibe pampu kapena oyilo.

Inu a ku Zomba, musapitirize kunyamula anthu mukungothirathira. Tsiku lomwe oyiloyo adzathere pakona, chiwongolero chidzalemera mwadzidzidzi muli ndi miyoyo ya anthu kumbuyo. Pitani ku garaja sabata ino, ndipo makaniko ayambe waona mabuti, paipi yokoka ndi kasefa asanatchule za pampu.