Mafunso ndi Mayankho pa Mbiri ya Matero

Kodi Matero ali kuti?

Munthu wochokera pakati pa mzinda wa Lusaka, akalunjika kumpoto chakumadzulo, napyola mafakitale a m'mbali mwa msewu wa Lumumba, afika ku Matero, amene anansi ake ndiwo George, Lilanda, Chunga ndi Emmasdale. Dera lonseli n'lokwezeka mamita oposa 1,200, n'chifukwa chake mphepo ya mwezi wa June imalowa m'mafupa.

Eni nthaka anali ayani mzinda usanakhale?

Anali Asoli ndi Alenje, ndipo dzina la Lusaka lomweli linachokera kwa nyakwawa ya kumeneko. Njanji inafika m'chaka cha 1905. Likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza kuno mu 1935.

Nanga Matero anamangidwiranji?

Atsamunda, pokonza likulu lawo, anayesa munthu wakuda monga mlendo, amene akulu amati ndi mame, sachedwa kukamuka: adze yekha, agwire ntchito ya mzungu, ndipo mphamvu zikamthera abwerere kwawo kumene anasiya mkazi ndi ana. Koma walira mvula walira matope. Pakuti amene afuna manja a munthu sangakane kuti munthuyo ali ndi banja, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, antchito atachuluka koposa malo ogona, boma linaika lamulo mu 1948 lolola kuti mabanja a anthu akuda amangiridwe nyumba m'matauni. Chotero m'zaka za m'ma 1950 khonsolo inamanga Matero, nyumba zazing'ono zofanana, zondandalikidwa m'mizere. Tisanyengedwe kuti chinali chifundo chokha: malowo anasankhidwa pafupi ndi mafakitale kuti wantchito afike mamawa ndi miyendo yake, ndiponso kutali ndi kumayadi kwa azungu chaku Ridgeway.

Kodi Matero ndi George si komboni imodzi?

Iai, ngakhale alendo amazisokoneza. Matero anayamba ndi pulani, misewu ndi lendi yolipira ku khonsolo, pamene George anamera yekha pa malo a mzungu wa dzina lomwelo, pomwe osowa nyumba anadziumbira njerwa popanda chilolezo. Ndipo anakhala monga ana amasiye pamaso pa boma kufikira lamulo la 1974 litavomereza makomboni otere, World Bank nithandiza kukonza misewu ndi mipopi. Nyumba za khonsolo nazo zinagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, pa ulamuliro wa Frederick Chiluba, ndipo kuyambira apo mwini nyumba aliyense anayamba kuwonjezera zipinda za lendi kuseri, kotero kuti bwalo limene linayezedwera banja limodzi lero lisunga mabanja angapo.

Anthu ake ndi angati, ndipo ndi a mitundu yanji?

Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 1.7 miliyoni m'boma la Lusaka, wa 2022 napeza oposa 2.2 miliyoni, ndipo Matero, amene ali ndi phungu wakewake ku nyumba ya malamulo, asenza gawo lalikulu la khamu limeneli. Muli Achewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka, Abemba, Atonga ndi Alozi, koma pamsika onse amatsatsa malonda m'Chinyanja, chimene chinakhazikika ndi asilikali, apolisi ndi antchito ochokera chaku Fort Jameson ndi ku Nyasaland.

N'chiyani china chimene dera lino limadziwika nacho?

Chapafupi, m'mbali mwa Great North Road, pali Independence Stadium, kumene mbendera ya Zambia inakwezedwa pa 24 October 1964, ndipo pambali pake anagona osewera mpira amene anafa pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993. Bwalo latsopano la National Heroes linatsegulidwa mu 2014. Koma popeza kuchuluka kwa anthu kwapitirira mipopi ndi zimbudzi, bwalo lomwelo linasandutsidwa chipatala cha odwala kolera kumayambiriro kwa 2018, ndiponso kachiwiri mu 2024.